Tsamba la Fodya Pambali pa Sikirini

Tsiku limenelo tinalipo asanu m'sitolo ina ya mafoni ndi makompyuta ya pa Mitundu. Panali ineyo. Panali mwana wanga wachisamba, amene anakaphunzira kutauni zokonza zithunzi ndi zikwangwani pa kompyuta. Panali mwini sitolo, Msilamu wofatsa amene amakonza mafoni n'kumaitanitsanso zipangizo ku Lilongwe. Panali mlamu wanga, mng'ono wa malemu mkazi wanga, amene ndinamutenga dala kuti adzakhale mboni. Wachisanu anali bambo wa ku Nathenje, mwini malo osindikizira makadi a ukwati ndi mapepala a maliro. Ameneyo ndinachita kumuitana ndekha pa foni, ndi mawu ozuna ngati ndikufunsira mbeta. Ndinati, aphwanga, mwana wanga akufuna kulumikiza kompyuta yake, inu ndinu katswiri, bwerani mudzatisankhire. Anabwera pa njinga yamoto, atavala tayi.

Mlandu wake unali uwu. Chaka chatha mayi a ana anga atatisiya, tinamupatsa chithunzi chawo kuti achisindikize pa nsalu ndi pa mapepala a mwambo wa maliro. Mkazi wanga anali woyera, khungu lofiirira bwino, ndipo akaseka nkhope yonse inkawala. Chimene chinabwera kuchokera ku Nathenje chinali nkhope yakuda bii, maso osaoneka, ngati anawajambula m'chigafa chofukiza utsi. Anthu pa siwa ankanong'onezana kuti kodi ameneyu ndani. Titaika maliro ndinapita kukamufunsa. Anandiyankha pamaso pa makasitomala ake: "Madala, kompyuta sinama. Pa sikirini panga ankaoneka bwinobwino. Inu za mitundu mungazidziwire kuti, poti dzina lanu lomwe mumachita kudinda ndi chala?" Anthu anaseka. Dzina langa ndimalemba, ngakhale mochedwa, ndipo izi ndikulemba ndi dzanja langa. Koma tsikulo ndinangotuluka nditatukwana, n'kulumbira panjira kuti pa mwambo wa chiliza nkhope ya mkazi wanga idzakonzedwa ndi mwana wake, pa makina athu, ndipo munthu uyu adzameza mawu ake anthu akuona.

Fodya atatuluka ku okushoni ndinauza mwana wanga kuti alembe zofunika. Iye anati kompyuta yabwino pa ntchito yake sagula yathunthu, amagula chiwalo chimodzichimodzi n'kulumikiza. Mwini sitolo anabweretsa zosiyanasiyana kuti tisankhe, zotsala abweze.

Anayamba ndi kachitsulo kakang'ono ngati bisiketi, akuti purosesa, ubongo wa makina onse. Apo ndinawasiyira okha, iwo akutchula manambala. Kenako timatabwa tobiriwira totchedwa ramu. Mwana wanga anandifotokozera kuti tili ngati mphasa yoyalapo fodya posankha: ikachepa umangounjika, ntchito imachedwa. Ndinati ndiye ikani yaikulu, m'banja mwathu sitiunjika. Pa khadi yoyendetsa zithunzi, wa ku Nathenje analoza ina ya mafani atatu ndi timagetsi tothwanima, akuti imeneyo ndiye ya akuluakulu. Mwana wanga anati imeneyo ndi ya osewera magemu, kwa iye yapakatikati yakwana. Bokosi logawa magetsi ndinasankha ine. Ndinanyamula awiri, lina kumanja lina kumanzere, ndinati lopepukali mulibe kanthu. Mwini sitolo anagwedeza mutu, nati, "Bambo, mwalasa. Lolemeralo silipsa msanga."

Zonsezo zinali zongodutsa. Ine ndinkadikira masikirini.

Analipo atatu pa tebulo. Wa ku Nathenje sanachedwe, anagwira yoyamba. "Iyi basi. Ndi yomwe ndili nayo ku ofesi. Taonani kuwala kwake, madala, ngakhale inu ndi maso anuwo mukuona."

Ndinapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa tsamba la fodya limene ndinalikulunga mu nsalu yonyowa pang'ono kuti lisaphwanyike. Linali tsamba la pakati pa mtengo, lopsa bwino, la mtundu wa uchi, lokhala ndi kadontho kobiriwira pafupi ndi phesi. Ndinauza mwana wanga kuti alijambule ndi foni, aliike pa masikirini onse atatu kudzera pa kompyuta ya mwini sitolo.

"Kodi tabwera kudzagula fodya?" anatero wa tayi uja, akuseka.

"Khala pansi, iwe," ndinamuuza. Ulemu wa pa foni unathera pomwepo. "Zimitsani babu. Tebuloli lisunthireni pakhomo."

Aliyense amene anasankhapo fodya akudziwa kuti sasankhira pa nyali, sasankhiranso padzuwa. Umakhala pamthunzi, pafupi ndi khomo, kuwala kwa kunja kukubwera cham'mbali. Ndakhala chonchi zaka zambirimbiri, kulekanitsa masamba amene wina angalumbire kuti ndi ofanana. Mabelo anga sanabwezedwepo chifukwa chosakaniza mitundu. Anasuntha tebulo, mwini sitolo akukoka nthambo, ndipo anthu amene ankapita kumsika anayamba kuima pakhonde. Sindinawathamangitse. Ndinkawafuna.

Ndinaika tsamba langa pambali pa sikirini yoyamba. Pagalasipo tsamba linali lofiira psuu, lonyezimira ngati alipaka mafuta, ndipo kadontho kobiriwira kaja kanasowa. Ndinafuula kuti a pakhonde amve: "Mlamu, tsamba ili ndi ili, ndi limodzi?"

"Ayi, alamu. Ilo likuoneka ngati chitumbuwa."

Yachiwiri inkaoneka bwino ukaima kutsogolo. Koma ogula ku okushoni saima, amayang'ana akudutsa. Ndinayenda masitepe awiri kumanzere, tsamba lija linada ngati lavunda ndi mvula. Ndinabwerera, linayera. Ndinati iyi ili ndi nkhope ziwiri, ichotseni.

Yachitatu inali yosakopa, galasi lake losanyezimira, ngati yakale. Ndinagunditsa tsamba pagalasi. Uchi womwewo. Mitsempha yomweyo. Kadontho kaja kali pamalo pake. Ndinapita kumanzere, ndinapita kumanja, ndinanjuta mpaka mawondo analira, mtundu osasintha. Mwana wanga anatembenuza katoni yake n'kuwerenga, kenako anandiyang'ana modabwa. Anati imeneyo ndi imene anaipangira anthu okonza zithunzi.

Apo ndinatembenukira kwa mlendo wanga. "Wati yoyambayi ndi yomwe uli nayo ku ofesi?"

Anayamba kukonza tayi yake.

"Ndikufunsa iwe wodziwa kulemba dzina. Ndi pa galasi ngati ili pamene unaonera nkhope ya mkazi wanga?"

"Madala, zimatengeranso inki..."

Mwini sitolo, amene sakonda mikangano, analankhula motsitsa ngati akupepesa. Anati sikirini ikamawala mopitirira chonchi, munthu amaona ngati chithunzi chayera kwambiri, ndiye amachidetsa, ndipo chikatuluka pa nsalu chimada zenizeni. Mlamu wanga anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye achemwali anawadetsa ndi manja awo, n'kumatukwana alamu kuti ndi mbuli?"

Sindinamusiyire pomwepo, ayi. Ndinatuluka pakhonde ndi tsamba langa m'mwamba. Mawu anga amamveka kuchokera kumunda mpaka kumudzi popanda chimkuzamawu, ndipo tsikulo ndinawatulutsa onse. Ndinauza anthu kuti amene akufuna kuti mayi ake aikidwe ndi nkhope ya munthu wina apite ku Nathenje. Ndinati amene akufuna mkwatibwi wake aoneke ngati wagwera m'makala, njira ndi yomweyo, minibasi zilipo. Ndinati munthu uyu wakhala zaka akuyang'ana galasi labodza osadziwa, mpaka wamuphunzitsa ndi mlimi wa sitandade thuu. Akabaza anaseka mpaka wina anagwetsa njinga. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti nayenso khadi la chinkhoswe cha mwana wake linatuluka lakuda. Wa tayi uja anatuluka osatsanzika. Njinga yake inakana kulira kawiri konse, anthu akumuyang'ana, ndipo ine ndinaima pomwepo mpaka fumbi lake litatha.

Mtima wanga unakhala pansi koyamba chichokereni ku manda. Ndinagulira mlamu wanga fanta. Mwini sitolo ndi mwana wanga anamanga ziwalo zonse m'bokosi lake, ine ndikuyang'ana sikulu iliyonse ikulowa. Atayatsa, makina analira mofatsa ngati mphaka. Sikirini ndinaikulunga mu jekete langa, ndinainyamula ndekha, sindinalole wa kabaza kuigwira.

Tikuyenda pa msewu wa kwathu ndinkafotokozera aliyense wokumana naye. Mwana wanga yekha ndi amene sankaseka. Ankayenda pambuyo, bokosi lili paphewa. Titadutsa pa mjigo ndinamufunsa kuti bwanji wakwinya nkhope ngati waluza ndiwe, chikhalirecho chiliza cha mayi ako chatsala milungu itatu ndipo makina ndi awa.

Anatsitsa bokosi pansi, napukuta thukuta.

"Bambo, sikirini mwasankha yabwino, ine sindikanaidziwa msanga chonchija. Koma chithunzi cha amayi chooneka bwino ndi chimodzi chokha, za pa foni zonse ndi zosaoneka. Muja munatuluka mutakwiya chaka chatha munachisiya pa tebulo pake, ndipo chikadali komweko ku Nathenje. Ine ndimati lero tikamaliza ndimupemphe mwaulemu. Tsopano mukachipemphe nokha, ine kumeneko sindipondako."