Kabogi ka ku Balaka

Fungo la penti likangondidutsa pamphuno, ndimapezeka ndili m'kashedi ka kuseri kwa nyumba ya agogo Gomani ku Tipton, kuno ku England, mvula ikuwaza padenga, kahita kothamangitsa kuzizira kakulira pakona, iwo atawerama pa tinjanji tawo magalasi ali pansonga ya mphuno. Sadali agogo anga enieni. Tidangoyandikana nyumba, koma amayi akapita ku shifiti kuchipatala ankandisiya kwa iwo ndi akazi awo, agogo aNaphiri.

Ku Malawi adagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, ndiye kuno ankatola timabogi ta sitima zachidole m'misika ya zinthu zakale. Osati tilitonse ayi. Ankayamba atembenuza kabogiko n'kuwerenga kunsi. Kakakhala kopangidwa ku England konkuno, kachitsulo, kolemera m'manja, ankagula. "Ichi ndiye chuma, Tadala," ankandiuza. "Zobwera kunja m'makontena zija n'zinyalala." Mwana wawo atawagulira seti ya sitima yachidole ya ku Germany pa Khirisimasi, sadaitsegule n'komwe. Adangoiponya pamwamba pa kabati ili m'bokosi mwake.

Ntchito yanga idali yopenta. Ankafuna mabogi awo aoneke ngati akwawo, choncho tinkakwirira mitundu ya azungu ija, ine n'kulemba m'mbali ndi dzanja langa lokhotakhotalo: Limbe, Balaka, Salima. Mabokosi omwe timabogito tinkabweramo ndinkawaphwanya ndekha n'kukataya kubini, monyadira zedi, ati ndikukonza m'shedi. Mayo ine, ndikadadziwa!

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, agogo aNaphiri adamwalira. Mawu awo adali amodzi kuyambira kalekale: akagone ku Balaka, pafupi ndi mayi awo. Akutchalitchi adasonkha, amayi ndi anamwino anzawo adasonkha, koma kukweza maliro pandege si masewera, ndalama zidaperewera ndithu. Agogo Gomani sadatekeseke. "Chuma chili m'shedi," adatero.

Tidanyamula zonse kupita ku Coventry kwa mzungu wogula zidole zakale. Ine adanditenga kuti ndizikawabwerezera mawu, poti makutu awo adali atayamba kugontha. Bamboyo adatola kabogi kamodzi, adakanda pentiyo ndi chikhadabo, kenako adafunsa mabokosi. Adalankhula mwaulemu, ulemu wopweteka uja. Adati za ku England zikadakhala ndi mtundu wake komanso mabokosi ake akadalipira bwino kwambiri, koma zopentedwazi palibe angazifune. Chomwe adasirira ndi seti ya ku Germany yonyozeka ija, chifukwa idali yosatsegula. Ndalama yake sidafike ngakhale pakati pa zomwe zinkafunika.

"Akuti chiyani?" agogo adandifunsa.

Misozi idangoti chuchuchu. "Mabokosi aja, agogo. Ndi pentiyo. Ndine ndidawononga."

Agogo adati: "Burashi ndidakupatsa ndine, mwanawe. Pukuta m'maso, tinyamule katundu wathu."

Agogo aNaphiri tidawaika ku Tipton konko, m'dothi lozizira lonyowa, sitima za azungu zikudutsa chapatali. Kuyambira tsiku limenelo shedi ija idakhala yokhoma mpaka mwini wake adatsatira mkazi wake.

Anthu amandiuza kuti ndidali mwana, ndisamadziimbe mlandu. Makutu amamva, koma mtima umakana, ndipo zimandiwawabe mpaka lero. Kabogi kamodzi ndili nako pawindo kwanga ku Nechells. Wokagula palibe, ndiponso sindingakagulitse. M'mbali mwake muli dzanja langa lokhota lija, dzina la komwe agogo aNaphiri sadafike.