Masitepe a ku Nsanja ya Belu

Kiyi wake anali wachitsulo chakuda, wotalika kuposa chikhatho changa, ndipo amayi ankamukulunga m'kampango. Anali wa tchalitchi chakale cha m'kamudzi kena kumalire a London, kumene ndege zinkadutsa ngati zikhudza madenga. Amayi ankakolopako Lachiwiri ndi Lachisanu. Pa holide ya chaka chimene ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, panalibe wotsala nane kunyumba, choncho ndinkapita nawo.

Khomo lake ndinkaliopa. Pamwamba linali lozungulira ngati theka la lichero, lokhala ndi mizere ya miyala yosema: wina wokhotakhota ngati mano a sowo, wina wa mitu ya zilombo za milomo yambalame, zotuzula maso, chilichonse chitaluma mwala. M'kati munkazizira ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Makoma anali ochindikala, mawindo ang'onoang'ono, ndipo munkanunkha chinyezi ndi makandulo ozima. Mayi wina wokalamba wachizungu, woyang'anira tchalitchicho, anandiuza kuti amene anasema mituyo anamwalira zaka mazanamazana zapitazo. Mantha anga anangowonjezereka.

"Ndi miyala chabe iyo," amayi ankatero. "Lowa."

Lachisanu lina masana galimoto inaima pageti. Munatuluka amuna awiri ovala majekete, makadi akulendewera m'khosi, mmodzi atanyamula fayilo. Amayi anaponya mopu pansi. Anandikokera ku kakhomo ka nsanja ya belu, ndipo tinakwera masitepe opapatiza, odyeka pakati, mumdima. Ananditseka pakamwa. Dzanja lawo linkanunkha bulichi. Pansi tinamva chitseko chikulira, kenako nsapato zikuyenda pang'onopang'ono, zikuima, zikuyambanso. Ndinadzikodzera.

Patapita nthawi yaitali tinamva woyang'anira uja akuseka ndi amuna aja. Anali akatswiri a nyumba zakale, odzayeza mng'alu wa pakhoma. Lero ndikaifotokoza nkhaniyi anthu amaseka, ine ndimaseka pang'ono chabe.

Tili m'basi kubwerera kwa amalume kumene tinkakhala, amayi anandinong'oneza kuti, "Usawauze amalume ako. Usauze aliyense kuti ndimagwira ntchito, wamva?"

Ndinavomera. Ine ndinkayesa kuti tachimwira Mulungu pokwera malo oletsedwa, ndipo sabata yonse ndinapempha chikhululukiro. Za kalata imene amayi ankaidikira kuchokera ku Croydon, ku ofesi yopereka chilolezo chokhala m'dzikomo, sindinkazidziwa. Sindinkadziwanso kuti mapepala awo sankawalola ngakhale kukolopa.