Chomera cha maluwa oyera chimene chinandiwotcha m'phiri

Chizindikiro choyamba chinali kutentha kwa khungu. Ndinadzuka m'mawa mikono ikunyerenyetsa ngati ndayandikira moto, koma pakhungu panalibe chilichonse kupatula mizere yakuda yooneka ngati ndakwapulidwa ndi kamtengo. Ndinaganiza kuti ndi udzu umene unandicheka dzulo lake.

Ine ndimakhala kufupi ndi Likhubula. Mvula ikasiya, ndimakwera phiri ndi amayi anzanga kukamweta udzu wopangira masache. Tsiku limenelo dzuwa linali loswa mtengo, ndipo ndinapatuka ndekha kutsikira kukamtsinje kumene udzu unali wautali. Panjira panali zomera zondifika m'chiuno, zamasamba akuluakulu aubweya ndi maluwa oyera oyalana pamwamba ngati ambulera. Ndinazisadza ndi chikwakwa kuti ndidutse. Mapesi ake anali ndi bowo m'kati ngati bango, ndipo madzi ake, onunkhira ngati karoti, anandithira m'mikono. Sanandipweteke. Ndinapukuta thukuta kumaso ndi mikono yomweyo n'kupitiriza kumweta.

Pofika tsiku lachiwiri, mizere ija inasanduka matuza. Ena anali aakulu ngati dzira, odzaza madzi achikasu. Anatuluka m'mikono monse, pachipumi ndi patsaya, ndipo diso lakumanja linatupa mpaka kutsekeka. Ndikatuluka padzuwa, ululu wake unali wosasimbika.

Nthawi imeneyo ndinkayamwitsa mwana wanga Rabeka, amene anali asanayambe kukwawa. Amayi anga atandiona anagwira pakamwa.

"Mwanayu bwera naye kuno," anatero. "Zimenezi sitikuzidziwa. Ungamupatsire."

Anamutenga kupita naye kunyumba kwawo, kuseri kwa yathu. Ndinkamumva akulira, akukana phala, mawere anga atatupa ndi mkaka, koma sindikanatha kupita kukamunyamula. Pa zonse zimene ndinadutsamo, palibe chinandipweteka kuposa chimenechi.

Anthu anayamba kubwera kudzazonda, aliyense ndi maganizo ake. Ena ankati ndi mashingozi, n'kumayang'anizana. Ena ankati ndinaponda posayenera m'phirimo. Mayi wina wachikulire anabweretsa masamba osinja, ndipo ine ndi mantha anga ndinalola kuti andimate. Matuza anaphulika, khungu linasupuka, zilonda zinayamba kutuluka mafinya ndi kununkha. Thupi linatentha, chakudya chinakanika. Ndinagona pamphasa ndikuganiza kuti diso lapita, mwinanso ineyo ndikupita, ndipo Rabeka adzakula osandidziwa.

Amuna anga amanyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo masiku onsewa anali kumtunda. Atatsika n'kundipeza choncho, sanakhale n'komwe pansi. Anaitana njinga yamoto, anandifunditsa chitenje kumutu, tinapita kuchipatala.

Mzere unali wautali. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ntchentche zikunditsatira, anthu akusendera kutali nane. Nditalowa, adokotala anayang'ana mikono yanga nthawi yaitali. Anandiyeza magazi, ndipo anati ndilibe kachilombo kamene anthu ankanong'ona kaja. Kenako anafunsa ngati ndinapsa ndi madzi otentha kapena mankhwala a m'munda. Ndinakana.

"Nanga musanadwale munagwira chomera chilichonse chachilendo, muli padzuwa?"

Mpamene ndinakumbukira za kumtsinje kuja. Nditafotokoza, amuna anga anati zomerazo amaziona m'malo a chinyontho akamakwera.

"Mayi, uku n'kupsa," anatero adokotala. "Pali zomera zina zimene madzi ake akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa amawotcha ngati moto. Si matenda opatsirana ayi. Chimene chavuta ndi choti zilondazi zalowa tizilombo."

Ndinafunsa za mwana. Anati abwere lero lomwe, ayamwe. Ndinalira pamaso pawo osachita manyazi.

Anandigoneka m'wodi ya amayi. M'mawa uliwonse anamwino ankabwera kudzatsuka zilonda, ndipo pomatula bandeji youmirira pachilonda ndinkaluma chitenje kuti ndisakuwe. Ankandibaya jakisoni, kundipatsa mapiritsi opha ululu, ndi kundidonthezera mankhwala m'diso. Kenako kunali kudikira basi. Ndinkayang'ana denga, kumvera mayi wa bedi loyandikana akubuula, osadziwa ngati diso lidzatsegukanso. Amayi anga ankagona pansi pambali panga ndi Rabeka. Popeza mikono inali yomangidwa, iwo ndi amene ankamugwirizira pachifuwa panga kuti ayamwe. Poyamba mkaka unali utachepa ndipo ankalira n'kulavula bere, koma pang'onopang'ono unabwerera.

Tsiku lina m'mawa chikope chinaphwa, diso linatseguka pang'ono. Ndinaona zenera mwachimbuuzi, kenako bwinobwino. Adokotala anati madzi aja anangowotcha chikope, m'kati mwa diso sanalowe. Akanalowa, nkhani ikanakhala ina.

Ananditulutsa zilonda zitayamba kuuma, ndi malangizo oti ndizibwera kudzatsukitsa ndiponso ndisaonetse malo opsawo padzuwa kwa miyezi ingapo. Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimatunga madzi, diso likuona. Kwatsala zipsera zakuda m'mikono ndi patsaya, zimene zikuzimiririka pang'onopang'ono, ndipo dzuwa likakula zimandiyabwabe. Kuphiri ndinabwererako, koma ndimavala malaya a manja aatali, ndipo anzanga onse ndinapita nawo kukamtsinje kuja kukawalozera chomeracho chapatali.

Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka pano, koma maonekedwe ake ndakuuzani. Madzi ake akakugwerani, sambani ndi sopo msangamsanga, phimbani malowo ndi nsalu, chokani padzuwa, ndipo musagwire m'maso. Matuza akatuluka musawaboole kapena kumatapo chilichonse. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika kauzeni adokotala kumene munali ndi chimene munadula, ngakhale asanakufunseni.