Chipepeso cha Eni Lole

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi anga, ali pa beseni lawo la vitumbua. Ankagulitsira pakhonde la nyumba ina ku Temeke, moyang'anana ndi siteji ya maminibasi otchedwa daladala. Pamwamba pa nyumbayo panali kaofesi ka a Mushi, bambo wamfupi wa magalasi amene ankagulitsa bima, ndiye inshuwaransi, komanso kuthandiza ovulala pa ngozi kulondola chipukuta misozi chawo. M'mawa wina a Mushi anadandaula kuti kukubwera Amalawi ambiri, alonda ndi ogwira ntchito m'nyumba za ku Msasani, koma akafika pofotokoza mmene ngozi inachitikira, Chiswahili chimawathera panjira. Mayi anga sanadikire kufunsidwa. "Mwana ndili naye, Esinati. Chichewa chake n'chakumudzi kwenikweni."

Linali bodza lamkunkhuniza. Ine ndinabadwira ku Temeke komweko, ndipo ku Malawi ndinali ndisanapondeko. Chichewa ndinkamva chonse, koma ndikayamba nkhani m'Chichewa ndinkakaimalizira m'Chiswahili. A Mushi sakanadziwa kusiyana kwake, choncho Lolemba lotsatira ndinakwera masitepe aja nditavala siketi ya kwaya.

Muofesimo munali matebulo awiri, kabati yachitsulo ya mafayilo, chidindo, makina okopera mapepala amene ankafuna kumenyedwa kambama asanayambe ntchito, ndi fani yozungulira mwaulesi. Ntchito yanga inali kulandira munthu, kumutsegulira fayilo ndi kulemba nkhani yake mmene akuinenera. Choyamba ndi nambala ya galimoto imene yamugunda. Kenako tsiku, malo, ndi mayina a amene anaona. Ndiye ndimufunse ngati anatenga fomu ya kupolisi yopita nayo kuchipatala, ngati dokotala anaidzaza, ngati lipoti la apolisi apamsewu latuluka. Pakakhala imfa, pankafunikanso chiphaso cha imfa ndi kalata ya kukhoti yosonyeza amene banja lamusankha kuyang'anira za malemu.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti anthu ambiri sankadziwa kuti ali ndi ufulu uliwonse. Munthu wathyoka mwendo, koma akulowa muofesi mopepesa ngati wabwera kudzapempha mchere. Ankaganiza kuti popeza iye alibe bima, ndiye kuti palibe chake. Ndinkawafotokozera kuti bima ndi ya galimotoyo, ndipo lamulo limaikakamiza kukhala nayo chifukwa cha anthu ngati iwowo, oyenda pansi ndi apanjinga. Anzathu a ku Malawi ankaopanso polisi, poganiza kuti akapita kukanena za ngozi akafunsidwa za mapepala awo okhalira m'dziko muno. Ena ankangodzikokera kunyumba n'kumakathowa bala ndi madzi otentha.

A Mushi, amene ankanditchula binti, ndiye kuti mtsikana, anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa. "Binti, munthu akataya risiti timupezera ina. Akasaina pepala asanalimve, ndiye watimanga manja tonse."

Ndinkaikonda ntchito ija. Azibambo aakulu ankati akamva "Mwaswera bwanji?" m'kaofesi ka eni dziko, nkhope zawo zinkamasuka, n'kuyamba kundifunsa kwathu. Ndikawayankha kuti makolo anga ndi a ku Ntcheu koma ine sindikudziwako, ankandiseka n'kundikonzera Chichewa changa chokhotakhota. Chilankhulo cha mayi anga ndinachiphunzirira pa miyendo yothyoka ya anthu.

Nditatha miyezi isanu, kunabwera mayi wina kudzatiuza za mnansi wake. Che Amidu, wa ku Mangochi, wosamalira maluwa panyumba ina ku Msasani, anagundidwa ndi lole ya mchenga akupalasa njinga kupita kuntchito, ndipo anafera pomwepo. Pokhala Asilamu, anawaika m'manda mawa lake. Anasiya mkazi, Mayi Asiyatu, ndi ana awiri a sukulu. Mnansiyo anati tsiku lachitatu la maliro kudzakhala mapemphero, ndipo wamva kuti eni lole adzabwera kudzapepesa.

A Mushi anavula magalasi. "Upite iweyo, ndi anthu ako. Ukawauze chinthu chimodzi basi: chipepeso alandire, koma asasaine kalikonse."

Ndinafika cha m'ma teni koloko, nditafunda kanga, chitenje cha kuno, kumutu monga anandilangizira mayi. Amuna anali panja pa mikeka, pansi pa tenti. Amayi anali m'nyumba, ndipo mnansi uja anandilowetsa mpaka kuchipinda kumene kunali namfedwa. Ndinagwada, n'kupereka moni. Mayi Asiyatu anali wamng'ono thupi, maso atatupa. Atamva kuti ndine mwana wa ku Malawi, anandikokera pambali pawo n'kundigwira dzanja, ndipo sanalisiye.

Uthenga ndinali nawo pamlomo. Koma mayi anga anandilera kuti pamaliro sunena za ndalama. Wotero anthu amati imfayo yamukomera. Ndinadziuza kuti ndidikire kaye misozi iphwe, ndidikire amayi achepe m'chipindamo. Ndinangoti, "Pepani, mayi." Iwo anati, "Zachitika, mwanangu."

Mapemphero atatha, ndinaona pawindo galimoto yoyera itaima. Munatuluka amuna awiri, mmodzi atavala kanzu, mkanjo wautali woyera bwino. Anatsitsa matumba a mpunga ndi chigubu cha mafuta ophikira, n'kukakhala pamkeka moyang'anana ndi Che Saidi, mkulu wake wa malemu, amene ankayendetsa zonse. Anayankhula motsitsa mawu, mwaulemu kwambiri. Anapereka envelopu. Kenako wa kanzu uja anatulutsa pepala m'chikwama ndi cholembera.

Ndinalidziwa pepalalo ndisanaliwerenge. Ndinafuna kudzuka. Koma pakati pa ine ndi Che Saidi panali amuna oposa makumi atatu atakhala pansi, shehe ali pomwepo. Ine mtsikana, Mkhristu, mlendo pakhomopo, Chichewa chopunduka, ndidutse pakati pawo n'kukagwira dzanja la mwini maliro? Ndinayang'ana mayi amene anali atandigwira dzanja. Kukanangotengera kuwanong'oneza, iwo n'kutuma munthu panja. Ndinatsegula pakamwa, koma panthawi yomweyo mayi wina wachikulire anayamba kulira, chipinda chonse n'kumulandira. Ndinatsekanso pakamwa panga. Ndikuyang'ana choncho, Che Saidi anaika pepala pabondo n'kusaina.

Pobwerera ndinalira m'daladala, kondakitala mpaka anandisiya osandifunsa nauli, ndalama yokwerera.

A Mushi sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Patapita masiku anakapeza kope la pepalalo kupolisi, kumene eni lole anali atalipereka kale. Linalembedwa m'Chiswahili cha maofesi. Linkati malemu analowa mumsewu mwadzidzidzi, dalaivala sanalakwe, ndipo banja lakhululuka ndipo silidzadandaulanso kulikonse. Che Saidi ankaganiza kuti akusainira kuti alandira mpunga ndi envelopu.

"Sizinafe," anatero a Mushi. "Mlamu sangagulitse ufulu wa mkazi ndi ana. Koma tsopano ndi phiri. Mayiyo ayenera kupita yekha kukhoti, asankhidwe, ndiye tilimbane nalo pepalali."

Apa m'pamene panali povuta. Mayi Asiyatu anali atalowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wachisilamu amakhala m'nyumba mwamuna wake akamwalira, ndipo abale sankafuna kumva zoti atuluke. Ndinapitako katatu. Ulendo woyamba ndinawafotokozera mayiwo zonse, kupatula chimodzi: sindinanene kuti tsiku lija ndinatumidwa. Anandimvetsera, kenako anati chimene akufuna n'chakuti ana awo apitirize sukulu kuno. Anawo anabadwira kuno, anzawo ali kuno, Chiyao ndi Chichewa amangomva. Malemu ankalimbikira maluwa a eni ake kuti anawo asadzagwire khasu. Chipukuta misozi chikanawalipirira chipinda ndi sukulu kwa zaka zingapo.

Ulendo wachitatu Che Saidi anandidikirira pakhomo. Sanali munthu woipa, ndipo anandiyankhula mofatsa. "Mwanangu, anthu aja anabwera ndi ulemu, ife tinalandira pamaso pa shehe ndi anthu onse. Lero tibwerere kuti onjezerani? Tikhala ngati tikugulitsa mtembo wa m'bale wathu. Komanso ife kuno n'kwa eni. Zamakhoti zidzatiutsira zina."

Ndinayesa kunena kuti amene alipire si anthu aja koma kampani ya bima, kuti ndi ufulu, si kupempha. Chichewa chinandithera, ndinamalizira m'Chiswahili, ndipo iwo anangopukusa mutu.

Eda itatha, abale anagwirizana kuti mayiyo ndi ana abwerere ku Mangochi. Mnansi uja ndiye anandiimbira foni kuti akwera basi ya ku malire m'mawa wa Loweruka. Ndinapita ku siteji ya mabasi akutali ndi envelopu ya khaki, muli makope a zonse zimene tinasonkhanitsa ndi nambala ya ofesi yathu. Ndinawapeza atakhala pa zikwama. Ana awiri aja ankakangana m'Chiswahili za amene akhale kuwindo.

Ndinawapatsa mayiwo envelopuyo, n'kunena kuti nthawi ikadalipo, akafuna angathe kubwera. Analandira ndi manja awiri. Ndiye, sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinaulula. Ndinati tsiku la mapemphero lija sindinabwere kudzangopepesa, ndinatumidwa kudzawauza kuti asasaine, koma ndinachita manyazi.

Sanakwiye. "Tsiku lija munali pambali panga, eti? Ndinakugwirani dzanja."

"Eya, mayi."

"Mukanangonditsina, mwanangu. Ine ndikanatuluka."

Basi inaliza hutala, anakweza zikwama, ndipo anapita. Sanaimbe foni. Fayilo yawo inakhala m'kabati mpaka tsiku limene a Mushi anatseka ofesi chifukwa cha ukalamba.

Papita zaka. A Mushi anamwalira kwawo kumapiri, ndipo m'kaofesi kaja tsopano amakonzeramo mafoni. Ine ndikugwirabe ntchito yomweyi pa kampani ina yaikulu, yokhala ndi makompyuta ndi mphepo yozizira, koma ndimasowa masiku aja kwambiri. Ndimasowa azibambo ondiseka Chichewa, ndipo koposa zonse ndimalakalaka nditabwerera m'chipinda chija kwa mphindi imodzi yokha. Ana aja pano ndi akuluakulu. Sindidziwa ngati anamaliza sukulu, ndipo ndilibe amene ndingamufunse.

Chimene ndinatengapo n'chakuti ulemu umene umatseka pakamwa pamene mnzako akutaya chake si ulemu, ndi mantha chabe. Masiku ano kukagwa maliro a ngozi pakati pa Amalawi a ku Temeke, ndimapita, kaya andiitana kaya ayi. Ndimagwada, ndimapepesa, ndipo ndisanakhale pansi ndimauza namfedwa m'khutu kuti chipepeso alandire koma asasaine kanthu. Pepala likatuluka panja, ndimadzuka n'kudutsa pakati pa amuna, nditawerama, ndikuomba m'manja, koma ndimadutsa. Ena amandinena kuti ndine mayi wopanda mwambo, wonunkha ndalama pamaliro. Ndimawalola anene. Mwambo ndinausunga bwino kamodzi, ndipo ana awiri anakwera nawo basi.