Chitowe Chimene Chinkadikira Mawu Anga

Ndinaganiza zochoka kwathu kwa Ndamera chaka chimene madzi a Shire anakokolola dimba lathu n'kutisiyira mchenga wokhawokha. Panyumba panangotsala timatumba ta chitowe cha kumunda wa kumtunda, ndipo mavenda anachigula pa mtengo umene mpaka lero ndikaukumbuka mtima umandiwawa. Ndinauza akazi anga a Luwiza, amake Tereza, kuti ndikayese mwayi kutsidya kwa malire, kumzinda wa kudoko kumene amuna a kwathu amakanyamula matumba. Iwo anangoti, "Pitani, koma musakaiwale njira." Sanalire pamaso panga.

Ntchito ndinaipeza m'nyumba yaikulu yosungiramo mbewu zodikira sitima zapamadzi. Chisena chinandipulumutsa, chifukwa kumeneko n'chimene onyamula katundu ambiri amalankhula. Tsiku lina thumba linang'ambikira paphewa panga, chitowe n'kundilowa m'malaya. Ndinafunsa kalaliki kuti chimenechi amagulitsa bwanji kwa amalonda akunja. Atandiuza ndinaseka, poganiza kuti akucheza. Sankacheza ayi. Ife kumudzi tinkangotaya thukuta lathu chifukwa chosadziwa.

Ndisaname, kusungulumwa kunandidya. Tinkagona amuna ambiri m'chipinda chimodzi, koma aliyense ndi maganizo ake. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi kongofuna kumva nyimbo zofanana ndi za kwathu. Ndalama zimene ndinkatumiza zinali zochepa, lendi ndi chakudya zitadyako kale. Chenicheni chimene ndinkatumiza chinali mawu. Loweruka lililonse ndinkajambula mawu pafoni, kunena mtengo wa chitowe ndi nandolo mmene ulili kudoko. Amake Tereza ankakamvera kuseri kwa tchalitchi kumene netiweki imagwira, ndipo pang'onopang'ono anansi anayamba kuwatsatira. Venda akabwera ndi sikelo yake, azimayi ankamuuza kuti, "Bambo a Tereza anena mtengo wina." Ndinkamva kuti mavendawo ankanditukwana, ndipo ine kumva zimenezo ndinkanenepa.

Chaka chathachi chitowe chinachita bwino kwathu. Kudoko kunamveka kuti ogula akunja akufuna chambiri, ndipo mtengo unkakwera sabata ndi sabata. Ndinajambula mawu motsimikiza: "Musagulitse ngakhale chitini chimodzi mpaka mumve kwa ine." Mabanja angapo anamanga matumba awo n'kuyamba kudikira. Ifenso tinkadalira chitowecho kuti Tereza ayambe sekondale.

Kenako mumzinda muja munabuka zipolowe, ndipo akuluakulu a dziko anazimitsa intaneti, ati pofuna kuletsa mphekesera. Mwina mphekeserazo zinalekadi, ine sindikudziwa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti malonda anafa. Bwana wathu ankazungulira pabwalo foni ili m'mwamba, osatha kulankhula ndi ogula ake. Mayi amene ankatigulitsa chakudya anasiya kuphika chifukwa makasitomala ake ankalipira pafoni. Malole anaima ndi katundu wake. Ogula akunja aja atasowa yankho anapita kukagula kumayiko ena, ndipo mtengo wa chitowe unayamba kutsika tikuona. Ndinaphunzira kuti ukatseka anthu pakamwa watsekanso msika, ndipo woyamba kugona ndi njala ndi wonyamula matumba.

Ine ndinkadziwa kuti mtengo ukugwa, koma anthu a kwathu sankadziwa. Ndinayesa kuyimba, foni osalowa. Ndinayesa kutumiza uthenga, unangokhala pomwepo ngati mwala. Mnzanga wina wa ku Chapananga anandipeza ndikukanikiza foni ndipo anati, "Achimwene, netiweki nkhabe, kulibiretu. Muiswa chabe foniyo." Chakudya chinasiya kulowa. Ndinkangoona matumba aja ali m'nyumba za anthu, mvula ikuyandikira, chinyezi chikulowa, onse akudikira mawu a munthu amene watsekedwa pakamwa. Ntchito itaima ndinamanga kachikwama kanga n'kuyamba ulendo. Pena ndinkakwera lole, pena njinga ya kabaza, pena wapansi, mpaka ndinalowera pa chipata cha malire cha Marka mapazi atatupa.

Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera. Nditafika pakhomo sindinayambe ndi moni, ndinalunjika kuchipinda chimene timasungiramo mbewu. Munalibe thumba ngakhale limodzi. Amake Tereza anandipeza nditaima pamenepo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mwaonda ngati bango. Khalani pansi kaye, chitowe sichikuthawani."

Nkhani yake anandifotokozera ndikumwa madzi. Mawu anga atasiya kubwera, iwo anayamba kutchera khutu kwina. Kwathu kuno maliro sadziwa malire: wachibale akamwalira kutsidya, anthu amanyamuka ndi nkhuni ndi ufa, ndipo palibe amene amabweza munthu wopita kukalira. Amake Tereza anapita kumaliro a azakhali awo kutsidyako, ndipo pa siwa anakhala moyandikana ndi mkazi wa dalaivala wa lole. Mayiyo anadandaula kuti amuna ake akhala masiku ambiri pakhomo, lole yodzaza chitowe ili pansi pa mtengo, kudoko sakulandira katundu. Pobwerera anafunsanso achimwene awo a Zhuwawo, amene amagula nsomba zouma kwa asodzi a kudambo a mbali zonse ziwiri. Nawonso anati amva zomwezo.

Vuto linali la anansi. Amake Tereza atawauza kuti agulitse msanga kwa ogula a ku Bangula, amene anali asanatsitse mtengo, a Fulansisiko, bambo wachikulire woyandikana nafe, anakana. "Mwini mawu anati tidikire. Inu mwamva za pamaliro, iye ali pamene pali sikelo yeniyeni. Tikagulitsa lero, mawa mtengo n'kukwera, tidzalira ndi ndani?"

Apa m'pamene akazi anga anachita chinthu chimene ine sindikanayerekeza. Ali ndi mbuzi zawo zimene anapatsidwa ndi malemu mayi awo, zimene ngakhale ine sindiziloza chala. Anazitulutsa m'khola n'kuzimangirira pamtengo anthu onse akuona. "Mawu a bambo a Tereza oti mudikire aja ndawamasula ndine," anatero. "Mtengo ukakwera, mbuzi izi mugawane." Anthu anayang'anana, kenako a Fulansisiko anatuma munthu kukabwereka ngolo. Anagulitsa onse pamodzi pa mtengo wabwino ndithu, ndipo pasanapite nthawi ogula a ku Bangula nawonso anatsitsa.

Lero ndili pakhomo. Dimba lija ndalitsegulanso, ndipo Tereza ali kusekondale, amabwera ndi Chingerezi chimene chimatisokoneza tonse. Intaneti kutsidya kuja inabwerera, anzanga amanditumizira mitengo, ndipo ndimawathokoza, chifukwa kudziwa mtengo kunatichotsa m'manja mwa mavenda. Dziko lija silinandilakwire pa zonse: linandidyetsa, linanditsegula maso, ndipo anthu ake wamba anavutika kuposa ine pamene mafoni anazima. Koma ndinkadziona ngati khutu lokhalo la mudzi wathu, osadziwa kuti kwathu nkhani imayenda ndi opita kumaliro, ogula nsomba ndi opalasa bwato, ndipo palibe ofesi imene ingazimitse zimenezo.

A Fulansisiko akandiona amandiseka kuti, "Wailesi yathu yabwera, koma mabatire ali ndi amake Tereza." Ine ndimangovomera, chifukwa n'zoona.

Tsiku lina tikupalira ndinawafunsa akazi anga kuti, "Nanga mtengo ukanakwera?"

Sanasiye n'kupalira komwe. "Bwenzi mbuzi zitapita," anatero. "Koma palibe akananena kuti bambo a Tereza anatigwetsera m'dzenje."

Ndinangoti, "Takhuta, mayi," kuwathokoza m'Chisena cha makolo awo, ndipo iwo anandiuza kuti ndasiya udzu kumbuyo kwanga.