Nsalu ya pa Bokosi la Maliro

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mu Epulo wa chaka cha chisankho, ndikupala thabwa la chitseko mu shedi yanga ya ukalipentala pa Jenda. Anali apolisi awiri. Wamkuluyo anagogoda pa benchi yanga ndi makiyi a galimoto, ngati kuti pali khomo.

"Odi, adada. Ndinu mkulu wa mpingo uja wa pa maliro a Loweruka?"

"Ndine."

"Siyani ntchito. Tikacheze pang'ono."

Ndinapempha kuti nditumize mawu kwa mkazi wanga. Anati adzamva ndi anthu, pa Jenda nkhani sichedwa. Sinditchula polisi imene ananditengerako, ndiponso sinditchula dzina la munthu aliyense. Amene anachita akudzidziwa, ndipo Mulungu akuwadziwa.

Mlandu wanga unali wotere. Loweruka lija tinaika m'manda mnzathu wa kwaya, amene ankacheka matabwa ku Viphya. Anasiya mkazi ndi mwana wa kubere. Abusa anali kutali, choncho mwambo unali m'manja mwanga. Gavanala wa chipani cholamula m'dera lathu anabweretsa bokosi ngati chipepeso, ndipo abale anathokoza, pakuti kwa amphawi bokosi ndi katundu wolemera. Koma thupi litatuluka m'nyumba ya siwa, anyamata ake anayala pa bokosilo nsalu ya chipani, ya nkhope ya pulezidenti, nayamba kujambula ndi mafoni.

Ndinagwada pafupi ndi mkazi wamasiye kuti ndipemphere naye. Iye anandinong'oneza ali chiweramire: "Adada, ndapota, ichoke nsalu iyo. Sanali wa chipani chilichonse. Apite ndi nsalu yoyera ya mpingo, ndimo ananenera."

Ndinaimirira, ndinachotsa nsaluyo, ndinaipinda bwino nkhope ili m'kati, ndi kuipereka kwa gavanala ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti tonse tinabwera opanda kanthu ndipo tidzapita opanda kanthu. Tinayala yoyera ija, kwaya inayamba nyimbo. Ine ndinkayesa zathera pomwepo.

Ku polisi, wofufuza anali mnyamata waulemu, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandipatsa mpando.

"Mwanyoza mtsogoleri wa dziko. Mukudziwa kuti pali lamulo?"

"Sindinanyoze, bwana. Lamulungu lililonse ndimamupempherera m'tchalitchi."

Mnzake amene anaima pakhomo anati, "Iyi ndi nsanje basi. Bokosi sanagule kwa iwo, kalipentala wapsa mtima!"

Ngakhale ine ndinaseka. Kunali kuseka komaliza kwa tsikulo.

Wofufuza anakoka mpando wake kuyandikira. "Munthu wamkulu ngati inu simungadzitengere mavuto otere nokha. Anthu anakuonani mutagwada, mayi uja akukunong'onezani. Mlongo wake ndi wa otsutsa boma, tikudziwa. Ingonenani kuti anakutumani ndi iye, mbwenu mukagona kwanu lero."

Pamenepo ndinaona makomo awiri, onse oipa. Ndikanati mayiyo sananene kanthu, bwenzi ndanama, ndipo ndinaphunzitsa ana a Sande sukulu zaka zambiri kuti bodza lili ndi atate wake. Ndikanati ananena, bwenzi atakamutenga pa mphasa ya maliro, iye ndi khanda lake, kudzagona kumene ndinali kupita ine. Ndinapemphera mumtima, ndipo ndinapatsidwa kanjira kopapatiza pakati pake.

"Manja amene anachotsa nsalu ndi awa. Zimene munthu wolira amanena kwa mkulu wa mpingo atagwada, ndi za iye ndi Mulungu."

"Ndiye kuti ananena kanthu."

"Manja ndi awa, bwana."

Masana analowa amuna awiri osavala yunifolomu. Ndinawazindikira, anali m'gulu lojambula pa maliro paja. Wofufuza anatuluka kukamwa tiyi. Funso linali lomwe lija, yankho linalinso lomwe lija. Sindilemba zonse za m'chipindamo. Ndingoti madzulo ake nsapato zinakana kulowa, ndipo mpaka lero ndimatafunira mbali imodzi.

M'chitokosi tinali ambiri kuposa malo. Tinkagona chammbali, ndipo kutembenuka kunali kwa tonse pamodzi, akalamula nyapala, mkaidi amene amayang'anira anzake. Wathu anali wakuba ng'ombe wa ku malire a Kasungu. Anayang'ana mapazi anga, kenako imvi zanga.

"Mdala, mlandu?"

"Kupinda nsalu."

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Atelala. Nyapala anandisuntha kuchoka pafupi ndi chidebe chodzithandiziramo, nati malipiro ake ndizitsogolera pemphero m'mawa uliwonse. Ndinawauza za atumwi awiri amene anaimba nyimbo m'ndende mapazi ali m'matangadza mpaka zitseko zinatseguka zokha, ndipo ifenso tinaimba. Kwa ife zitseko sizinatseguke. Wina anati, "Atelala, mwina mwayamba ndi mawu otsika kwambiri." Koma mtima wanga unakhala pansi.

Malamulo a dziko lathu amati womangidwa aonekere kukhoti msanga. Ine ndinali mmodzi wa amene anaima pa mzere padzuwa kusankha kuti dziko likhale la zipani zambiri, choncho ndinkamukumbutsa mlonda m'mawa uliwonse. Tsiku lina ankati galimoto ilibe mafuta, tsiku lina ankati bwana sanabwere. Atatopa nane anati, "Demokalase ili panja, adada. Muno muli ine."

Yesero lalikulu silinabwere ndi ndodo. Linabwera Lachisanu la sabata yachiwiri, ndi mkazi wanga. Anabweretsa mbatata yowotcha, ndipo akumasula kansalu kake analankhula motsitsa, mlonda ali chapatali.

"Abambo, mayi uja sakugona. Wamva za mapazi anu. Akuti mawa abwera kudzanena yekha."

Sindibisa, thupi langa linakondwa. Linaona mphasa yanga, madzi otentha, khonde langa. Chimwemwecho chitadutsa, ndinamuyankha.

"Amayi, pitani lero lomwe kwa azimayi akuluakulu a pa siwa. Namfedwa satuluka pakhomo asanamete. Amugwire ndi mwambo umenewo, asamusiye yekha."

"Nanga ife? Nanga ana anu?"

"Athu amadya okha. Wake akuyamwa. Mukamuuze kuti akabwera kuno, mapazi awa adzakhala atatupira chabe."

Anapinda kansalu ka mbatata kaja. "Liuma lanuli ndinakwatiwa nalo ndekha," anatero, napukuta m'maso, nanyamuka. Loweruka lonse ndinatchera khutu ku chipata. Kunabwera ambiri, koma mayiyo sanabwere. Ndinayamika Mulungu monga sindinayamikepo.

Akhristu anzanga sanagone. Anayenda uku ndi uku mpaka anapeza loya wa za ufulu wa anthu, ndipo mafuta a galimoto anapezeka. Woweruza anali mayi wa magalasi, wosakweza mawu. Gavanala ataima kupereka umboni, anamufunsa yekha.

"Nsaluyo inang'ambidwa?"

"Ayi."

"Inaponyedwa pansi?"

"Ayi, anaipinda."

"Anakupatsani bwanji?"

"Ndi manja awiri."

"Nanga chipongwe chili pati?"

Gavanala anayang'ana kudenga. Mlandu unathetsedwa dzuwa lisanafike pamutu. Za mayi wamasiye palibe anafunsa. Za mapazi anga palibenso anafunsa, ndipo amuna awiri aja ndimakumana nawo pa siteji ya minibasi kufikira lero.

Wapolisi amene anandibwezera lamba ndi chipewa anati, "Yewo, adada. Musatisungire kumtima."

"Ndinakhululuka kale, mwana wanga. Koma sindidzanena kuti sizinachitike."

Ndimapemphererabe pulezidenti, aliyense amene ali pa mpando, chifukwa tinalamulidwa kupempherera olamulira. Koma ndinaphunzira m'chitokosi muja kuti ufulu umene tinasankha suyenda wokha. Uli m'malamulo, inde, ndipo ndinauona ukugwira ntchito pakamwa pa woweruza uja. Koma kuti ufike pa mphasa ya mkazi wamasiye m'mudzi, pamafunika wina woti aime pakhomo osasuntha. Nthawi ija inali nthawi yanga. Ikadzabweranso ndidzaimanso, ngakhale miyendo yafooka.

Ndalemba izi tsopano chifukwa mayiyo anandiloleza yekha, mwana wake atakula. Kale sindikanatha.

Tsiku la chisankho cha chaka chimenecho ndinapita ndi ndodo ku sukulu ya pulaimale kumene tinkavotera. Pa mzere wa azimayi ndinamuona, atameta, mpango wakuda kumutu, khanda lili kumsana. Gavanala anali pa mzere wathu, anthu ochepa patsogolo panga. Mayiyo anandiona, napinda pang'ono mawondo. Nthawi yake itakwana analowa yekha m'kachipinda kovotera, ndipo palibe amene anamufunsa kanthu. Anatuluka chala chili ndi inki, anakonza mwana kumsana, nalowera njira ya kwawo.