Pakhomo la Khitchini ya Apongozi

Madzi a nyanja atakwera n'kumeza loji imene ndinkagwirako ku Senga Bay, ndinakhala zaka ziwiri pakhomo. Pakhomo pa yani? Pa apongozi anga, kwa Maganga. Ine, munthu wa mapepala a zamahotela, amene ndinkalamula antchito khumi ndi asanu, ndinasanduka mkamwini wodikira kuti mayi a mkazi wanga alandire ndiye tione sopo. Makalata ndinaponya paliponse mpaka nsapato zinayasama. Ndinagwirako ganyu wopalira mpunga ku Chinguluwe, anthu n'kumandifunsa kuti, "Abwana, tayi mwasiya kuti lero?" Ndinkapsa mtima koopsa, koma ndikanamukalipira ndani? Ndinkangomeza.

Apongozi angawo anali khukhi panyumba ina yaikulu ya m'mbali mwa nyanja. Osati loji ayi, nyumba ya munthu: zipinda zisanu ndi zitatu, dziwe losambiramo ngakhale nyanja ili pomwepo, kapinga wothiriridwa chaka chonse. Eni ake anali adona ena olemera a ku Lilongwe, ankabwera ndi alendo awo kawiri pamwezi. Apongozi anaphika pamenepo zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Tsono kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Ena masiku ano anazitaya, amakhala mpando umodzi n'kumaseka, koma apongozi anga ndi akale. Tikaonana panjira, wina amapatuka. Zaka zisanu ndi zinayi ndili m'banja, sindinawayang'anepo kumaso kapena kuwalankhula mwachindunji. Mawu onse ankadutsa mwa mkazi wanga.

Ndiye tsiku lina mkazi wanga anati, "Amayi akuti adona akufuna manijala woyang'anira nyumba ndi antchito onse. Akuti mukayese. Koma akuti musakanene kuti ndinu mkamwini wawo, adona safuna achibale pantchito."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinabwereka jekete, ndinakwera kabaza.

Pa intaviyu tinalipo asanu ndi awiri, titandanda pakhonde ngati odwala. Ena anachokera ku Lilongwe pagalimoto zawo. Adona anandifunsa za kuyala tebulo, za jenereta, za chomwe ndingachite nditapeza mlonda ali mtulo. Ndinayankha bwino, izi ndiye ndimazidziwa. Kenako anavula magalasi.

"Pakati pa antchito anga pali wachibale wanu?"

"Palibe, adona."

Kukhitchini kunkamveka mpeni ukugunda pathabwa. Sunasiye.

"Ndikuyesani miyezi itatu," anatero adona. "Ine ndikufuna munthu woti ndikamuuza chinthu kamodzi, chifike kwa aliyense. Mukalephera, pamndandanda pali anthu."

Anandipatsa makiyi olemera ngati nkhwangwa. Ndinatuluka pageti, ndipo ndinalira pakabaza, wopalasa n'kumaganiza kuti ndaferedwa.

Vuto ndinalizindikira m'mawa wa tsiku loyamba. Alonda, agadeni, amayi awiri oyeretsa m'zipinda, onsewo ndinkawalamula bwinobwino. Nanga khukhi? Manijala wanji wosalowa m'khitchini? Ine ndi mkazi wanga tinapeza njira. Adona akandiuza zoti ziphikidwe, ndinkapita kuseri kwa thanki ya madzi, n'kumuimbira mkazi wanga kumudzi. Iye n'kuimbira mayi ake m'khitchinimo. Mawu ankayenda ulendo wopita kwa Maganga ndi kubwerako kuti akafike pamalo oti nditayetsemula akanamva. Apongozi akafuna gasi kapena mafuta, njira inali yomweyo. Antchito anzathu onse ankadziwa. Agadeni ankati akandiona ndikulowera kuthanki, "Eee, abwana akupita kuofesi!" Ankafa nazo, koma palibe anatiulula.

Musaseke, zinayenda. Miyezi iwiri ndi masabata atatu, chakudya sichinachedwepo. Ana anga anayamba kumwa tiyi wamkaka. Ndinawombola ulemu wanga pang'ono pamudzi, ndipo ndinkawerenga masiku otsala pazala ngati mwana wodikira Khirisimasi.

Loweruka lomaliza adona anabwera ndi alendo anayi. Atangotsika anandikokera pambali.

"Mayi avala zoyerawo ndi mnzanga wochokera ku Joni. Mtedza ndi poizoni kwa iwo. Ngakhale kachidutswa. Muwauze akhukhi, nsinjiro zisayandikire chilichonse."

"Zamveka, adona."

Ndinathamangira kuthanki. Foni ya mkazi wanga sinkapezeka. Ndinaimbanso. Ndinaimba kakhumi, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pake ndinamva kuti anaisiya potchajitsa n'kupita kumunda. Mwina mukuti, bwanji sunatume mmodzi wa amayi oyeretsa? Funso limenelo ndadzifunsa mpaka mutu kuwawa. Onse awiri anali m'mwamba ndi zikwama za alendo, ndipo ine mumtima ndinati, iyi ndi nkhani yaikulu, ndinene ndekha, ndine manijala. Kunyada kwa munthu wobwereka jekete!

Ndinapita pakhomo la khitchini. Magetsi anali atazima, jenereta ikubangula kuseri kwa khoma lomwelo. Ndinaima pambali pa chitseko, nkhope nditalozetsa kubwalo, n'kulankhula ngati ndikuuza silinda ya gasi imene inali pamenepo.

"Kaya m'khitchini muno mwamveka kuti lero nsinjiro ayi. Mlendo wina zimamudwalitsa."

Ndinalankhula motsitsa, chifukwa apongozi sakuwidwa. Mkatimo munamveka kutsokomola. Ndinati basi amva, ndiko kuyankha kwawo. Ndinachoka mtima uli m'malo. Chonsecho anatsamwa ndi utsi wa tsabola.

Masana patebulo panali chambo, mpunga, ndi nkhwani wotendera amene adona ankamukonda kuposa nyama. Ine ndinali kugeti kulandira madzi akumwa. Nditabwerera ndinapeza mayi a zoyera aja agwira pakhosi, milomo itatupa, maso ali tong'o. Mayo ine! Mwamwayi anali ndi jakisoni wawo m'chikwama, adona anawabaya pantchafu, tinawanyamulira m'galimoto. Njira yonse yopita kuchipatala ndinkapemphera mokweza, ndipo ndiulule, sindinkapempherera iwo okha. Ndinkati, Ambuye, asafe, ndipo ntchito yanga isafe.

Anachira. Madzulo ake ankalankhula.

Lamulungu m'mawa adona anatiitana awiri pakhonde, ine ndi apongozi. Aka kanali koyamba kuima nawo pafupi chotero. Apongozi anagwada chapambali atatembenukira kukhoma, ine maso pansi. Adona ankayesa ndi mantha.

"Mnzanga akanafera m'nyumba mwanga," anatero. "Mmodzi wa inu achoka lero. Amanijala, munawauza akhukhi kapena simunawauze?"

Ndinaona mpunga wa ku Chinguluwe. Ndinaona ana anga akumwanso tiyi wopanda shuga, ndi anthu aja akufunsa za tayi. Ndikanatha kunena zonse: kuti awa ndi apongozi anga, kuti ndinakunamizani, kuti ndinalankhula ndi silinda.

"Ndinanena, adona."

Sindinaname, eti? Ndinanenadi. Mawu amenewo ndawatembenuza zaka zonsezi kufuna kuti ayere, koma sayera.

Adona anatembenuka. "Amayi, zoona?"

Apongozi anayankha, akuyang'anabe khoma, mawu ali phee.

"Anandiuza, adona. Ndinaiwala ine. Ukalamba."

"Zaka zonsezi simunaiwalepo kanthu."

"Chakudza sichiimba ng'oma, adona. Bambowa ntchito amaitha, asungeni."

Ndinafuna kukuwa kuti bodza! Sanamve kanthu mayiwa! Koma ndinangoti chilili ngati chitsa, makiyi ali m'manja. Adona analira pang'ono, anawapatsa kenakake mu envelopu, n'kunena kuti sangawasungenso pa chakudya cha alendo. Apongozi anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, anaisiya pampando. Potuluka anazungulira kuseri kwa nyumba kuti asadutse pamaso panga. Ngakhale tsiku limenelo anandipatsa ulemu.

Lolemba ndinasaina kalata ya ntchito yokhazikika. Ntchito yoyamba imene adona anandipatsa inali yofuna khukhi watsopano. Ndinakhala pakhonde lomwe lija, ndikufunsa anthu ngati ali ndi wachibale pakati pa antchito.

Nditafika kumudzi ndinamugwira mkazi wanga dzanja. "Ukawauze amayi kuti ndinalakwa ndine. Ukawauze kuti mawa ndikaulula kwa adona."

Anapita. Sanachedwe.

"Akuti mukakaulula muchotsedwa nonse, ndiye adzukulu awo adya chiyani? Akuti iwo manja atopa kale. Akuti mukhale chete, ndipo nkhaniyi isabwerenso."

"Nanga kutsokomola kuja? Anamva kapena sanamve?"

"Akuti anamva jenereta."

Pano ndikadali panyumba ija. Adona amandiyamikira kwa anzawo, amati anapeza manijala woti ukamuuza chinthu kamodzi chimafika. M'khitchini ndimalowa tsiku lililonse, ndimalankhula mokweza mpaka khukhi watsopano amadandaula kuti sindine wogontha, bwana. Apongozi amakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu wopita kumsika. Ufa, shuga, sopo, ndimatumiza mwezi uliwonse kudzera mwa mkazi wanga, ndipo amalandira. Koma zikomo wa pakamwa panga sanamumvepo, ndipo mwambo umene unandiphetsa mawu tsiku lija ndi womwewo ukundiletsa kukagwada pamaso pawo.

M'mawa uliwonse ndimadutsa pamsewu umenewo pa njinga yamoto ya kuntchito. Akandionera patali amadzuka pa beseni lawo la zitumbuwa, n'kukaima kuseri kwa mtengo wa mango mpaka nditadutsa.